Nyale zosintha ndi zowonjezera pa galimoto: zimene lamulo la Zambia likunena ndi zimene zimachitika apolisi akakuimitsani

LUNDAZI - M'tisitolo ta zipangizo za galimoto tozungulira msika wa Lundazi, pakati pa mafuta a injini, mabatire ndi machubu a njinga, mumapezekanso timabokosi ta mababu tolembedwa LED kapena Xenon, pamodzi ndi nyale zazitali zonga mpiringidzo zimene zimamangidwa kutsogolo kapena padenga la galimoto. Amene amagula zinthuzi ndi oyendetsa matakisi, maminibasi, makanta onyamula chimanga ndi nshawa, komanso achinyamata a njinga zamoto. Funso limene ambiri amafunsa atamanga kale ndi lakuti: kodi nyalezi n'zololedwa, nanga wapolisi akandiimitsa ali ndi mphamvu yochita chiyani?

Yankho lalifupi ndi ili. Lamulo sililetsa galimoto imene inachokera ku fakitale ndi nyale za LED kapena za xenon. Chimene limaletsa ndi nyale yothobwa anthu ena m'maso, nyale ya mtundu wosaloledwa, ndi nyale zowonjezera zimene sizigwirizana ndi malamulo a zida za galimoto. Vuto n'lakuti mababu ambiri ogula pamsika, akaikidwa m'nyale imene sinapangidwire iwo, amagwera m'gulu loyambalo ngakhale mwini galimoto asakudziwa.

Chifukwa chake anthu amasintha nyale

Oyendetsa galimoto a kuno ali ndi zifukwa zomveka. Tauni ya Lundazi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, ndipo msewu wa M12 wolumikiza matauni awiriwa umadutsa m'midzi ndi m'timisika tambiri topanda magetsi a pamsewu. Misewu yolowera ku Chama, ku Mwase ndi ku madera a Lumezi ndi Chasefu, amene anakhala maboma paokha m'chaka cha 2018, ili ndi zigawo zambiri zafumbi. Dzuwa limalowa cha m'ma 17:30 mwezi wa June ndi cha m'ma 18:20 mwezi wa January, ndipo chisisira cha kuno sichikhalitsa. Iyi ndi nthawi yomwe anthu amachoka pamsika kubwerera kumudzi, ena pansi, ena pa njinga zakapalasa zopanda nyale, ena pa ngolo za ng'ombe zopanda chonyezimira chilichonse kumbuyo. M'nyengo yogula mbewu, kuyambira June kufika October, fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire zimawonjezera mdimawo.

Galimoto zambiri zoyenda m'misewuyi ndi zakale zochokera ku Japan, ndipo magalasi a nyale zake, amene ndi apulasitiki, anachita chikasu ndi dzuwa. Dalaivala akaona kuti sakuona patali, amaganiza kuti vuto ndi babu, nakagula lowala koposa.

Ngozi za pamsewu si nkhani yaing'ono m'dziko lino. Ziwerengero za apolisi a Zambia zinaonetsa kuti anthu oposa 2,000 amafa pamsewu chaka chilichonse m'zaka za 2021, 2022 ndi 2023, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali la oyenda pansi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu 1.19 miliyoni anafa pa ngozi za pamsewu padziko lonse m'chaka cha 2021, ndipo chigawo cha Africa ndicho chinali ndi imfa zochuluka poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake.

Mitundu itatu ya mababu

Babu lofala kwambiri ndi la halogen. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala ka chitsulo cha tungsten kamene kamawala magetsi akadutsamo. Babu loyamba la mtunduwu la galimoto, lotchedwa H1, linatuluka ku Ulaya m'chaka cha 1962, ndipo la H4, lokhala ndi timawaya tiwiri, kena ka dimu kena ka fulu, linabwera m'chaka cha 1971. Babu la H4 limadya mawati 55 pa dimu ndi 60 pa fulu, ndipo pa dimu limatulutsa kuwala kwa malumeni pafupifupi 1,000. Lumeni ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala kotuluka m'babu.

Mtundu wachiwiri ndi wa xenon, umene ena amautchula kuti HID. Umenewu ulibe kawaya. Kuwala kumachokera ku moto wa magetsi wodumpha pakati pa nsonga ziwiri mkati mwa mpweya. Kuti uyake pamafunika kabokosi kokweza mphamvu ya magetsi kufika pa mavoti oposa 20,000 kwa kanthawi kochepa, choncho makanika wosadziwa akhoza kuvulala nako. Kampani ya BMW ndiyo inayamba kuika nyale zotere pa galimoto zake m'chaka cha 1991. Babu la xenon la mawati 35 limatulutsa malumeni pafupifupi 3,200, kuwirikiza katatu dimu ya H4.

Mtundu wachitatu ndi LED, umene kuwala kwake kumachokera ku tizidutswa tating'ono tamagetsi. Unayamba kuikidwa pa nyale zakutsogolo za galimoto zodula monga Lexus ndi Audi cha m'ma 2007 ndi 2008, ndipo lero uli pa galimoto zatsopano zambiri. Sudya magetsi ambiri, umakhalitsa ukapangidwa bwino, ndipo kuwala kwake n'koyera mopita ku buluu. Manambala a malumeni olembedwa pa timabokosi totchipa ta pamsika, amene nthawi zina amafika masauzande makumimakumi, munthu asamawakhulupirire kwambiri, pakuti palibe amene anawayesa pamaso pa wogula.

Chimene chimachititsa kuti babu labwino lithobwe anthu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ogulitsa ambiri sapafotokoza. Nyale ya galimoto si babu lokha. Kuseri kwa babu kuli mbale yonyezimira ngati kalilole, ndipo pa nyale zina palinso galasi lokhuthala lozungulira kutsogolo kwake. Akatswiri anaumba mbaleyo molingana ndi malo enieni pamene kawaya ka babu kamakhala, kutalika kwake ndi mbali imene kaloza. Kawayako n'ka mamilimita ochepa chabe. Gwero la kuwala likasuntha ndi milimita imodzi kapena awiri, kapena likakhala lalikulu kuposa kawayako, mbale ija imaponya kuwala kumene sikunayenera kupita.

Dimu yolongosoka imakhala ndi malire oonekeratu. Mukaunikira pakhoma, mumaona mzere: pansi pake pali kuwala, pamwamba pake pali mdima. M'babu la H4, mzerewu umapangidwa ndi kachitsulo kakang'ono kotchinga kamene kali pansi pa kawaya ka dimu. M'mayiko oyenda kumanzere kwa msewu monga Zambia, Malawi, Mozambique, Tanzania, South Africa, Britain ndi Japan, mzerewo umakhala wogona kudzanja lamanja, kumene kumachokera galimoto zokumana nazo, ndipo umakwera kudzanja lamanzere kuti uunikire oyenda pansi ndi zikwangwani. Nyale yopangidwira mayiko oyenda kumanja, monga Congo, Angola, China, America ndi United Arab Emirates, imachita mosemphana: imakweza kuwala kumanja, m'maso mwenimweni mwa dalaivala wobwera kutsogolo. Munthu wogula nyale yathunthu yolowa m'malo mwa yosweka ayenera kufunsa za ichi, chifukwa kunja kwake nyale ziwirizi zimaoneka zofanana.

Mzere uja umayeneranso kupendekera pansi pang'ono. Pa galimoto zazing'ono zambiri umatsika masentimita 10 pa mamita 10 alionse, ndipo nambala yake imadindidwa pa nyale penipenipo kapena pafupi nayo, monga 1.0% kapena 1.2%. Tiyerekeze nyale imene ili masentimita 70 kuchokera pansi. Pa mtunda wa mamita 50, mzere wake umakhala masentimita 20 kuchokera pansi, ndipo umagunda msewu pa mamita 70. Koma nyaleyo ikangopendekera m'mwamba ndi digiri imodzi yokha, mzerewo umakwera ndi masentimita 87 pa mamita 50 omwewo, n'kufika pa masentimita 107, amene ndi pafupifupi msinkhu wa maso a munthu wokhala m'galimoto yaing'ono. Digiri imodzi ndi yochepa kwambiri moti matumba angapo a chimanga kumbuyo kwa galimoto akhoza kuibweretsa.

Tsono babu la xenon kapena la LED likalowetsedwa m'nyale ya halogen, zinthu ziwiri zimachitika pamodzi. Kuwala kumachuluka, ndipo mzere uja umasokonezeka kapena kutheratu. Mwini galimoto amasangalala chifukwa patsogolo pake penipeni pamayera ngati masana, ndipo mitengo ndi zikwangwani zimawala. Chimene sazindikira n'chakuti kuwala kwambiri pafupi ndi galimoto kumachititsa maso ake kuzolowera kuyera, motero saona bwino kutali kumene kuli mdima, kumene kuli ngolo kapena mwana wodutsa msewu. M'fumbi zinthu zimaipiraipira, makamaka ngati nyale ili padenga, pakuti kuwala kumagunda fumbi lili patsogolo pa galasi n'kubwerera m'maso mwake.

Wobwera kutsogolo ndiye amavutika koposa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala wothobwa m'maso kwa masekondi atatu amakhala atayenda mamita pafupifupi 67 asakuona chimene chili m'mbali mwa msewu, ndipo maso a munthu wachikulire amachedwa kubwerera mwakale kuposa a wachinyamata. Kawirikawiri amene amagundidwa pa mphindi yoteroyo si mwini nyale kapena dalaivala mnzakeyo, koma munthu wa njinga kapena woyenda pansi amene anali kumanzere kwa msewu.

Zimene lamulo la Zambia likunena

Lamulo lalikulu la pamsewu ndi Road Traffic Act, nambala 11 la chaka cha 2002. Lamuloli ndi limene linakhazikitsa bungwe loona za mtengatenga ndi chitetezo cha pamsewu la Road Transport and Safety Agency, lodziwika kuti RTSA, limene linatenga ntchito za mabungwe akale a Road Traffic Commission ndi National Road Safety Council. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwanso malamulo amene anabala bungwe lomanga misewu la RDA ndi losunga thumba la ndalama za misewu la NRFA.

Tsatanetsatane wa nyale sali m'lamulo lalikulu lokha ayi. Ali m'malamulo ang'onoang'ono ofotokoza kapangidwe ka galimoto, zida zake ndi kagwiritsidwe ntchito kake, amene mizu yake ili m'lamulo lakale la Roads and Road Traffic Act, chaputala 464, loyambira m'nthawi ya atsamunda m'zaka za m'ma 1950. Pamene malamulowo ankalembedwa koyamba kunalibe babu la xenon kapena la LED. N'chifukwa chake munthu wofufuza dzina la babu lake m'malamulo akale salipeza, nayamba kuganiza kuti zonse n'zololedwa. Koma malamulowo amayang'ana ntchito ya nyale, osati dzina la babu.

Zofunika zake n'zodziwika kwa aliyense amene anaphunzira buku la malamulo a pamsewu polemba mayeso a laisensi. Galimoto iyenera kukhala ndi nyale zakutsogolo ziwiri zogwira ntchito, mbali ino ndi mbali inayo, ndi nyale zofiira kumbuyo. Nyale zakutsogolo ziyenera kutha kutsitsidwa pa dimu kuti zisathobwe ena, ndipo dalaivala ayenera kuzitsitsa pokumana ndi galimoto ina kapena poitsatira pafupi. Nyale ziyenera kuyaka usiku ndi nthawi iliyonse imene sikukuoneka bwino. Kutsogolo kumakhala tonyezimira toyera, kumbuyo tofiira. Nyale zothwanima za buluu kapena zofiira, pamodzi ndi masailini, n'za galimoto za apolisi, maambulansi, ozimitsa moto ndi ena ololedwa ndi boma. Munthu wamba woziika pa galimoto yake walakwa ngakhale atati n'zokongoletsa chabe.

Motero galimoto imene inabwera ndi nyale za LED kapena xenon kuchokera ku fakitale ilibe mlandu, malinga ngati nyalezo zaloza bwino. Kusintha babu lopsa ndi lina la mtundu womwewo ndi mawati omwewo kulibenso mlandu. Kuika babu la LED kapena xenon m'nyale ya halogen ndiko kumene kuli mkangano: ngati dimu yataya mzere wake ndipo ikuthobwa anthu, nyaleyo yalephera ntchito imene lamulo likufuna, kaya babulo linagulidwa ndalama zingati.

Za nyale zonga mpiringidzo zija nkhani yake ndi yosavuta. Nyalezi zilibe dimu n'komwe. Zinapangidwira kumunda, kumigodi ndi m'tchire kumene kulibe wokumana naye. Bungwe la RTSA lakhala likuchenjeza kudzera m'manyuzipepala ndi pa wailesi kuti nyale zowonjezera zoterezi sizololedwa pamsewu wa anthu onse ndipo eni ake azichotse. Ena amati amaziyatsa m'tchire mokha, kutauni amazimitsa. Mawu amenewa ndi ovuta kuwatsimikizira pa rodibuloko, ndipo aliyense amene wayendapo usiku pakati pa Chipata ndi Lundazi akudziwa kuti si onse amene amakumbukira kuzimitsa. Munthu amene akufunadi nyale yowonjezera kaamba ka ntchito yake angachite bwino kuyamba wafunsa woyesa galimoto wa RTSA, amene ali ndi ofesi ku Chipata, kapena kuimba nambala yaulere ya bungweli ya 983, asanaboole chitsulo cha galimoto yake.

Pali mfundo ina yokhudza mapepala. Galimoto zakale zolowa m'dziko zimayesedwa zisanatumizidwe, motsatira muyezo wa ZS 560, ndipo ntchitoyi imayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2017. Zikafika, zimayesedwanso ndi a RTSA nthawi ndi nthawi kuti zilandire chiphaso cha fitinesi, ndipo zonyamula anthu pa malipiro zimayesedwa pafupipafupi kuposa za anthu wamba. Chiphasocho chimachitira umboni galimoto monga inalili pa tsiku loyesedwa. Amene wachotsa mpiringidzo wake m'mawa, n'kukayezetsa galimoto, n'kuubwezera madzulo, chiphasocho sichimuteteza. Ngozi ikachitika, kampani ya inshuwalansi ikhozanso kufunsa za zosintha zimene sinauzidwe, ndipo ngati pafa munthu, khoti likhoza kumva umboni wa nyalezo pa mlandu wopha munthu poyendetsa galimoto moopsa.

Mmene mayiko ena achitira

Mayiko ambiri opanga galimoto amatsatira malamulo a bungwe la United Nations ochokera pa pangano la ku Geneva la chaka cha 1958. Nyale kapena babu lovomerezedwa pansi pa panganoli limadindidwa chilembo cha E ndi nambala ya dziko lovomereza mkati mwa kabwalo: E1 ndi Germany, E11 ndi Britain, E43 ndi Japan, E47 ndi South Africa. Malamulowa amati dimu yotulutsa malumeni oposa 2,000 iyenera kukhala ndi makina odziwongolera okha galimoto ikalemedwa, ndiponso chotsukira galasi la nyale, pakuti galasi lafumbi limamwaza kuwala. Xenon ya pamsika imapyola malirewo ilibe chimodzi mwa ziwirizi. Chilembo cha E ndi chizindikiro chothandiza pogula, ngakhale kuti achinyengo amachidindanso pa katundu wabodza.

Dziko la Germany linavomereza koyamba babu la LED lolowa m'malo mwa halogen m'chaka cha 2020, la kampani ya Osram, koma pa mitundu ya galimoto yokhayo imene linayesedwapo ndi kulembedwa pa mndandanda. Ku Britain, kuyambira mu January 2021, galimoto imene nyale yake ya halogen yaikidwa babu la LED imalephera mayeso a chaka ndi chaka, kupatula galimoto zakale kwambiri. Zitsanzo ziwirizi zikuonetsa kuti babu la LED losathobwa anthu likhoza kupangidwa, koma liyenera kuyesedwa pamodzi ndi nyale imene lidzalowemo.

Amalonda a ku Lundazi owoloka malire a Lusuntha kupita ku Jenda ndi Mzimba akumbukire kuti kutsidyako kuli lamulo lakelake la pamsewu la chaka cha 1997, ndipo apolisi a Malawi amaweruza galimoto ndi lamulo lawo, osati ndi chiphaso cha kuno chokha.

Pa rodibuloko

Wapolisi wovala yunifomu, kapena woyendera pamsewu wa RTSA, ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto, kufunsa laisensi ya dalaivala, kuona mapepala a msonkho wa pamsewu, inshuwalansi ndi fitinesi, ndi kuyang'ana ngati galimotoyo ili bwino. Kukana kuima ndi mlandu pawokha, ndipo kawirikawiri ndi waukulu kuposa umene munthu amathawa. Wapolisi akhoza kuuza dalaivala kuti ayatse dimu, fulu, maindiketa ndi nyale za mabuleki. Galimoto imene yapezeka kuti ndi yoopsa pamsewu ikhoza kuletsedwa kupitiriza ulendo kapena kusungidwa kufikira vutolo litakonzedwa.

Dalaivala woimitsidwa usiku ayenera kutsitsa nyale akadali patali, kuima kumanzere pamalo oonekera, kuzimitsa wailesi ndi kuyatsa kanyale ka mkati. Kufika pa rodibuloko ndi fulu kapena ndi mpiringidzo woyaka ndiko kudziitanira mlandu. Ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu dzina ndi nambala ya wapolisiyo, ndi kuuzidwa mlandu weniweni umene akuimbidwa. "Nyale zanu n'zowala kwambiri" si dzina la mlandu. Wapolisi ayenera kunena chimene chalakwika ndi lamulo limene laphwanyidwa, ndipo zimenezi zilembedwe pa pepala.

Apa pali chofooka chimene n'chofunika kuchinena. Nyale yothwanima ya buluu, mpiringidzo wa padenga kapena nyale imodzi yakufa zimaoneka ndi maso, ndipo sipakhala zokangana. Koma kudziwa ngati dimu yaloza bwino kumafuna makina oyesera kapena khoma ndi malo osalala, zimene pa rodibuloko ya pamsewu wafumbi sizipezeka. Chotsatira chake n'chakuti galimoto yatsopano ya nyale za LED za ku fakitale ikhoza kukayikiridwa kaamba ka kuyera kwa kuwala kwake, pamene kanta ya mababu achikasu oloza kumwamba ikudutsa osafunsidwa. Mwini galimoto ya nyale za ku fakitale angathandizike poonetsa zolembedwa pa galasi la nyale kapena m'buku la galimotoyo, ndi kupempha kuti ikayesedwe ndi woyesa galimoto wa RTSA ngati mkangano wapitirira. Chinanso chosakoma n'chakuti wogulitsa babu ndi makanika woliika sakhalapo pa rodibuloko. Mlandu umagwera amene wagwira chiwongolero, ngakhale atakhala wolembedwa ntchito chabe.

Chindapusa, risiti ndi madandaulo

Pa milandu yaing'ono, dalaivala amapatsidwa mwayi wolipira chindapusa popanda kukaonekera kukhoti. Njirayi imachokera m'gawo 221 la lamulo la kazengedwe ka milandu la Criminal Procedure Code, chaputala 88. Ambiri sadziwa kuti kusaina ndi kulipira kumatanthauza kuvomera mlandu, ndiponso kuti munthu sakakamizidwa kuvomera. Amene akukhulupirira kuti nyale zake zili bwino ali ndi ufulu wokana ndi kupita kukhoti la majisitireti, kumene malamulo aakulu a dziko amamuona kuti ndi wosalakwa kufikira umboni utamutsutsa. N'zoona kuti njira ya kukhoti imadya masiku, ndipo wa takisi amene amadya za tsiku lomwelo amaona kuti kulipira n'kwapafupi.

Zindapusa zambiri sizilembedwa m'makwacha m'malamulo, koma m'miyeso yotchedwa penalty unit, imene mtengo wake boma limausintha. Muyeso umodzi unali ngwee 30 kuyambira 2015, ndipo unakwezedwa kufika ngwee 40 m'chaka cha 2024. Mwachitsanzo, chindapusa cha miyeso 1,000 chimene chinali K300 chinakhala K400. Ichi ndi chifukwa chake mitengo imene madalaivala amauzana pa siteshoni nthawi zina imakhala yakale. Ndalama iliyonse yolipiridwa iyenera kukhala ndi risiti ya boma yoonetsa dzina la wolipira, mlandu ndi kuchuluka kwa ndalamazo.

Ndalama yoperekedwa popanda risiti, imene pamsewu imatchedwa "nchekeleko" kapena "ya madzi", ndi chiphuphu. Lamulo lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Act, nambala 3 la chaka cha 2012, limalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka 14 m'ndende. Nkhani zotere zimakanenedwa ku bungwe la Anti-Corruption Commission. Dandaulo la khalidwe la wapolisi, monga kutukwana, kumenya kapena kusunga galimoto popanda chifukwa, likhoza kupita kwa mkulu wa polisi ya m'deralo kapena ku Police Public Complaints Commission, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2016. Wodandaula alembe tsiku, nthawi, malo, nambala ya wapolisi ndi mayina a mboni akadali kukumbukira.

Oyendetsa mabasi ndi galimoto zonyamula katundu ali ndi lamulo linanso lokhudza usiku. M'chaka cha 2016 boma linatulutsa lamulo laling'ono la nambala 76 loletsa galimoto zoterezi kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00, pofuna kuchepetsa ngozi za usiku. Lamuloli lasinthidwapo kuchokera nthawiyo, choncho mwini basi kapena lole afunse a RTSA maola amene akugwira ntchito asananyamuke.

Za njinga zamoto

Njinga zamoto zachuluka kwambiri m'chigawo cha kum'mawa, ndipo zambiri zimanyamula anthu ndi katundu kuchokera pamsika wa Lundazi kupita kumidzi. Malamulo a nyale amazikhudza mofanana: nyale yoyera kutsogolo yokhala ndi dimu, yofiira kumbuyo. Tinyale tamitundumitundu tothwanima timene achinyamata amakonda timasokoneza oyendetsa galimoto, amene usiku amazindikira mtundu wa chinthu chobwera ndi mbali imene chikulowera poona mtundu ndi malo a nyale zake. Pa chifukwa chomwecho, galimoto yoyenda ndi nyale imodzi imaoneka ngati njinga yamoto, ndipo wokumana nayo amaisiyira malo ochepa.

Kuwonjezera kuwala popanda kuphwanya lamulo

Nyale zambiri zofooka zimachira popanda kusintha mtundu wa babu. Galasi lachikasu likapukutidwa ndi sandipepa yosalala kwambiri ndi polishi, n'kupakidwa mankhwala otchinga dzuwa, kuwala kochuluka kumabwerera. Mbale yonyezimira imene yachita dzimbiri kapena kulowa madzi siikonzeka. Imafuna nyale ina. Mababu a halogen amafooka akamakalamba, motero ndi bwino kusintha onse awiri pamodzi, ndipo galasi la babu lisakhudzidwe ndi zala chifukwa mafuta a pakhungu amalipsereza msanga.

Chachiwiri ndi mawaya. Babu la halogen limamva kwambiri kuchepa kwa magetsi: mavoti akatsika ndi 10 pa 100 alionse, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse. Pa galimoto yakale, waya wa ethi wochita dzimbiri kapena pulagi yopsa zimadya magetsi asanafike pa babu, ndipo makanika wamagetsi akhoza kuyeza zimenezi ndi mita m'mphindi zochepa. Mababu a mawati 100 amene ena amaika m'malo mwa a 55 si yankho: pa mavoti 12, babu la 55 limakoka maampu osakwana 5, la 100 limakoka oposa 8, ndipo limasungunula pulagi ndi kuwononga mbale yonyezimira. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri n'kulowetsedwa m'malo ndi waya, chotsatira chikhoza kukhala moto. Eni makanta akumbukirenso kuti malole ambiri otere amagwiritsa ntchito mavoti 24, ndipo babu la mavoti 12 limapsa nthawi yomweyo.

Chachitatu ndi kuloza kwa nyale, kumene aliyense angayese pakhoma la sitolo kukada. Imitsani galimoto pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya wokwanira, mamita 10 kuchokera pakhoma. Yezani kutalika kwa pakati pa nyale kuchokera pansi, ndipo lembani mzere pakhomapo pa msinkhu womwewo. Yatsani dimu. Malire a kuwala ayenera kukhala masentimita 10 kapena 12 pansi pa mzerewo, malinga ndi nambala yodindidwa pa nyale, ndipo mbali yokwera ikhale kumanzere. Kuseri kwa nyale kuli timasikuluwu tokwezera ndi kutsitsira. Ngati pakhoma sipakuoneka malire alionse koma kuwala kongomwazika, ndiye kuti babu silikugwirizana ndi nyaleyo kapena linalowetsedwa mopendekera.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi kagudumu kakang'ono pafupi ndi chiwongolero kolembedwa manambala kuyambira 0. Nambala 0 ndi ya galimoto yopanda katundu. Kumbuyo kukakhala anthu kapena matumba, kagudumuko kapititsidwe pa nambala yokulirapo kuti nyale zitsike, ndipo kabwezedwe pa 0 katundu akatsitsidwa.